Mizere Yokhota ya Abambo

Ndikamva fungo la dothi lofiira litangonyowa ndi mvula yoyamba, mtima umathamangira kumunda wathu wa m'phiri, kumtunda kwa Lobi. Abambo anga ankatchuka mudzi wonse ndi kuunga mizere. Inkatsika phiri mowongoka ngati aikokera chingwe, moti anthu opita kumsika ankaima n'kumaisirira. Tsoka lake, mvula nayonso inkaikonda. Madzi ankathamanga pakati pa mizereyo n'kukokolola nthaka yathu kupita nayo kudambo. Mbatatesi zinayamba kubereka tating'ono ngati mazira a njiwa, ndipo abambo ananena kuti zikakanikanso chaka chimenecho, apita kukagwira ganyu ku Mozambique. Ine ndinkaopa zimenezo kuposa njala.

Chilimwe chimenecho kunabwera mlangizi wa zaulimi, a Nangozo, mayi wamfupi wa njinga yolira kwiii mtunda wonse. Feteleza sanabwere naye, ayi. Anamanga nsungwi zitatu, ziwiri zogundana mitu, ina yopingasa, n'kulendewetsa mwala pachingwe. Ankachiyendetsa chinthucho modutsa phiri, ndipo mwala ukaima pakati ankakhoma chikhomo. Pomaliza, zikhomozo zinali zitakhotakhota ngati njira ya mbuzi.

"Bambo a Tereza, mizere yanu itsate zikhomozi, madzi azikhala pansi," anatero.

Abambo anayang'ana zikhomo, n'kuyang'ana khasu lawo. "Mayi, ndiye anthu anena kuti ndimalima nditaledzeratu."

Komabe anaunga mizere motsata zikhomozo, ndipo anthu ananenadi! Lamlungu titatuluka ku Misa, anzawo anawazungulira. "Achimwene, kachasu wa chaka chino ngwaukali eti? Mpaka khasu ladzandira!" Ine manyazi anandigwira mpaka m'makutu, koma abambo anangoseka nawo. M'mawa mwake anabwerera kumunda kukabzala udzu wa vetiva m'milambala, monga mlangizi anawaphunzitsira, manja atasweka ndi chisanu cha ku Dedza.

Chimvula chinabwera masana ena mu Januwale, chamkuntho, chochita kugwetsa nthochi. Abambo anafunda thumba kumutu n'kuthamangira kumunda, ine pambuyo. M'minda ya anzathu madzi ofiira ankatsika akulira, atanyamula mbatatesi ndi mizu yomwe. M'munda mwathu anali phee, atadzaza mzere uliwonse, akulowa pansi pang'onopang'ono. Abambo anagwada m'matope n'kuviika dzanja m'madzimo. "Tereza, taona," anatero. "Nthaka yathu sinapite." Ku Mozambique sanapitenso.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti ngwazi ya nkhaniyi inali mwala wa a Nangozo, ndipo ndinkaulemekezadi. Lero ndakula, ndadziwa kuwawa kwa kusekedwa pa chinthu chokhacho chimene anthu amakutamira nacho. Abambo analibe chuma china koma mizere yowongoka ija, ndipo anaikhotetsa ndi manja awo kuti ife tisagone m'nyumba yopanda bambo.