Mfundo ya m'siling'i

Ntchito ya makompyuta inandipeza ndili pa makwerero. Ndinkaika magetsi m'sitolo ina ku Nyimba pomwe amai Tembo, amene amalumikiza makompyuta m'maofesi a ku Petauke, anaima n'kuyang'ana mmene ndakhomera mawaya. "Muli na manja abwino," anatero. "Mubwele pa Mande."

Anayamba nane pa sukulu ina ya ku Kalindawalo. Ana ankayembekezera mayeso a kompyuta, ndipo aliyense ankayenera kusindikiza zomwe walemba. Popanda pepalalo, wochonga alibe chochonga. Makompyuta anali m'kalasi, pulinta mu ofesi ya ahedi, ndipo zonse zinkakumana pa switchi, kabokosi kolowetsamo nthambo.

Nthambo zake zinali zosakaniza: zotuwa zakale za Cat5 zomwe tinazipeza m'makoma, ndi zabuluu za Cat6 zomwe tinabwera nazo. Amai Tembo anandionetsa kusenda khungu, kuyala timawaya tisanu ndi titatu motsata mitundu, kutilowetsa m'kamutu kapulasitiki n'kufinya ndi chofinyira chake chotchedwa kilimpa. Kenaka anandisiya ndekha.

Nthambo ya pulinta inaperewera mikono iwiri. Ndinali nditayeza molakwa, ndipo kuimbira amai Tembo foni kunandichititsa manyazi. Ndinadula chidutswa chotuwa, n'kupota timawaya take ndi ta yabuluu ija monga timachitira ndi mawaya a magetsi, n'kukulunga tepi yakuda, n'kusiya mfundoyo m'siling'i. Tesita yoyesera nthambo inayatsa nyale zake zonse. Ndinatsika ndikudzitama ndithu.

Tsiku la mayeso gulu loyamba linasindikiza bwinobwino. Dzuwa litakwera, malata atatentha, pulinta inangoti zii. Gulu lachiwiri linali litamaliza kulemba. Mtsikana wina wa kutsogolo ankadina, kudinanso, mpaka misozi inayamba kugwera pa kiyibodi. Woyang'anira mayeso ankangoyang'ana wotchi.

Amai Tembo anasintha nthambo pa switchi, anazimitsa pulinta n'kuiyatsanso, koma ayi ndithu. Ine ndinangoima pambali. Ndinkadziwa pomwe pali vuto, koma ndinkaopa kuchotsedwa ntchito sabata yoyamba yomwe. Ahedi atayamba kunena zotuma munthu pa njinga kukabwereka pulinta kusukulu ina, ndinaona kuti nthawi ya anawo itha iye asanabwere.

"Amai," ndinatero, "nthambo ija inapelewela. Ninalumikiza mu siling'i."

"Munapota monga ya malaiti?"

"Ee, amai."

"Manje nyamulani pulinta, tiyeni!"

Tinaithamangitsira m'kalasi n'kuilumikiza ku switchi ndi kanthambo kakafupi. Pepala loyamba kutuluka linali la mtsikana uja. Analigwira ndi manja awiri.

Ana atapita, amai Tembo anandikweza m'siling'i kukadula mfundoyo. Tepi inali itasungunuka, timawaya tiwiri titatayana. Anandionetsa kuti timawayato timapotedwa tiwiritiwiri kufakitale ndi cholinga, ndipo ukatimasula uthenga umasokonekera ngakhale tesita iyake. Nthambo ikaperewera umakoka ina yathunthu, kapena kuika timitu n'kulumikiza ndi kapula, kabokosi kokumanitsira nthambo ziwiri.

"Ya nthambo sinikalipa, aliyense amalakwa," anatero. "Koma mwana uja analila imwe muli chiimile, mudziwa."

Sanandichotse. Mfundoyo anandipatsa, ndipo mpaka lero ili m'chikwama changa pamodzi ndi kilimpa. Nthambo ndimayeza kawiri tsopano. Ndikalakwa ndimanena nthawi yomweyo, wina asanayambe kulira.