Tsiku limene a Elson anatentha mapesi

Mukafika cha ku Kandeu n'kufunsa za mayi wodziwa utsi, aliyense akulozerani kwa a Sellina. Sukulu sanapite nayo patali, koma utsi wokha, ayi ndithu, ankauwerenga. Wakuda wothamangira kumwamba ankati ndi wa udzu wouma, moto uli lawilawi, ndipo suchedwa kutha. Umene ankadana nawo ndi woyera uja, wa mapesi ndi zinyalala zonyeka monyinyirika, wokwawa pansi n'kulowa m'nyumba osaodira. Panalinso wina wotuwa umene ankautcha utsi wogona, uja umaphimba mapiri mu Seputembala mpaka dzuwa kufiira ngati phwetekere, chonsecho moto wake sukuoneka n'komwe.

Zonsezi anaziphunzira chifukwa cha amuna awo, a Elson. Bamboyu anatha zaka khumi ndi zinayi pansi pa nthaka ku migodi ya ku Joni, n'kubwerako ndi wailesi, jekete lachikopa ndi chifuwa chosamva mankhwala. Nthawi ya mvula ankayenda bwinobwino, nthabwala zili pakamwa. Koma anthu akangoyamba kusosa, osaka mbewa nawo n'kuyatsa tchire, munthu wamkulu uja ankamvetsa chisoni. Mpweya unkalira m'chifuwa, tulo n'kumagona chokhala.

Dokotala wa ku Kasinje sanawabisire. "Mayi, mu utsi muli tinthu ting'onoting'ono kuposa ufa wosefa. Timayandama m'mwambamu masiku ambiri, ndipo tikalowa m'mapapo otopa ngati awa, sitituluka msanga. Muwasamale. Utsi wina waukulu udzawatenga."

Kuyambira chaka chimenecho, cha 1998, munda wa a Sellina sunaonenso moto. Anzawo ankaunjika mapesi n'kuyatsa, ntchito ya tsiku limodzi. Iwo ankawagoneka pakati pa mizere n'kumawakwirira ndi khasu, milungu itatu yathunthu. Odutsa ankaseka: "Amake Yankho, mukuweta chiswe kodi?" Iwo osaweramuka n'komwe: "Chiswe sichinabanikitsepo munthu." A Gibson, oyandikana nawo munda, a Sellina anachita kuwagwadira kuti aziyatsa pokhapokha mphepo ikamalowera kudambo. Ndipo tsiku la moto ankanyika zitenje m'madzi n'kuzipachika m'mawindo.

Zaka zisanu ndi zitatu zinatha choncho. Kenako msana wa a Sellina unayamba kukana. Yankho, mwana wawo yekhayo, anali pabanja ku Balaka, ndiye wolandira khasu panalibe. A Sellina ankabwera kumunda atapindika, n'kufikira kugona pamphasa osavula ndi duku lomwe. A Elson ankangoyang'ana ali pakhonde, ndipo zinkawadya mumtima. Mwamuna wanji wongokhala, mkazi akutha ngati sopo?

Lachinayi lina mu Okotobala, a Sellina atavala zoyera n'kupita ku Mvano, bambo aja anatenga machesi. Musaganize kuti anachita mwachibwana, ayi. Anamanga kansalu konyowa pamphuno. Anatapa dothi n'kuliwaza m'mwamba monga ankachitira akazi awo, n'kuona fumbi likulowera kudambo. Anati ndingoyatsa mbali yotsalayi, pobwera apeze ntchito yatha. Chimene anaiwala n'chakuti mphepo ya masana mu Okotobala ilibe mawu amodzi. Moto utangogwira, inatembenuka n'kuwakhuthulira utsi wonse kumaso.

A Sellina anauona ali pakhomo la tchalitchi. Woyera, wokwawa pansi, ndipo sanachite kufunsa kuti ndi munda wa yani. Mayo ine! Anataya buku la nyimbo n'kuliyatsa liwiro, msana uja osaukumbukanso. Anapeza a Gibson akuzimitsa moto ndi nthambi, a Elson ali khale patsinde pa chulu, pakamwa pali yasa, milomo itada. Anawakweza pangolo ya a Gibson, ulendo wa ku Kasinje, a Sellina atawachirikiza pachifuwa pawo njira yonse kuti asagone chagada.

Dzuwa litapendeka, dokotala anatuluka n'kunena kuti apulumuka, koma mwamwayi. Apa mpamene mantha a mayi aja anasanduka mkwiyo. Analowa ndi bulawuzi yawo yoyera ili mwaye wokhawokha, n'kuima pamutu pa bedi.

"Abambo ake Yankho, mwayesa chiyani? Zaka zonsezi ine ndikulimbana ndi utsi wa eni ake, inu n'kukayatsa wanuwanu?"

A Elson anatsegula maso. Mawu ankatuluka limodzilimodzi.

"Munda... wayera?"

"Wayera. Nanga usayere?"

"Ndiye mawa... musapite. Mupume."

A Sellina anafuna kukalipanso, koma anangokhala pansi pambali pa bedi, misozi ili chuchuchu, osaipukuta. Munthu ameneyu ankamukonda, ndipo tsiku limenelo anamukonda mpaka kuwawa.

"Ine ndinakudandaulirani kodi? Msana umapola, bambo. Inu mukapita, ndizilimira yani?"

A Elson anayesa kuyankha koma mpweya sunakwane. Anangofufuza dzanja la akazi awo, lokhakhala ndi mpini lija, n'kuligwira osalisiya mpaka namwino anabwera kudzawauza kuti odwala apume.