Kumupumira Rereao

M'mawa uliwonse Bwauro ankakwera mtengo wa kokonati kukatsitsa uchema, akuimba mokweza mpaka agalu a pachilumba kuyamba kuuwa. Koma chimene ankatchuka nacho chinali kutumbula buni, nsomba yodzitukumula ija imene chiwindi chake chimapha. Anthu ankabwera kudzangoonerera.

Lachitatu lina masana, atangomaliza kudya buni amene Bwauro anatumbula, mkazi wake Rereao anati milomo yachita dzanzi. Iyeyo ndiye anamwa msuzi wambiri.

"Mwandithirira chiyani, bambo a Tiaon?" anafunsa akuseka, koma lilime linali litalemera kale.

Pofika pachipatala chaching'ono cha pachilumbapo, miyendo inali italobodoka, mpweya ukuperewera. Namwino, Nei Tabera, anamuvundikira pakamwa ndi pamphuno chipangizo chokhala ndi thumba la mphira, n'kuyamba kufinya.

"Mankhwala ake kulibe," anatero. "Poizoniyu amatha yekha, mwina mawa. Mpaka nthawi imeneyo tizimupumira ndi manja. Ndipo samalani pakamwa. Sangagwedezeke, koma akumva zonse."

Namwinoyo anagwira chovundikiracho, Bwauro n'kulandira thumba. Kufinya, kuwerenga mpaka faifi, kufinyanso.

Kenako anatulukira Kaboua, mkulu wake wa Rereao, ali wefuwefu.

"Katswiri uja ndi inuyo, alamu? Bweretsani kuno, mwachita zokwanira."

Bwauro sanapereke thumbalo. Dzuwa linapendeka iye akufinyabe. Zala zinayamba kuuma, chiwerengero chinasokonekera, ndipo milomo ya Rereao inayamba kuda.

"Bambo," anatero namwino motsitsa mawu, "manyazi anuwo sakumupumira. Perekani."

Anapereka. Kaboua analandira osamuyang'ana. Kuchokera pamenepo ankasinthana awiriwo, osalankhulana, kufikira kunja kutayera.

M'mawa mwake chikope cha Rereao chinanjenjemera kamodzi. Namwino anati n'chizindikiro chabwino, koma chifuwa chinali chisanayambe kukwera chokha. Thumba linali m'manja mwa Kaboua.

Bwauro anagwada kumutu kwa bedi. Akanatha kudikira kuti mlamu wake atuluke, koma sanadikire.

"Mayi a Tiaon," anatero pafupi ndi khutu lake, "mpeni unakhudza chiwindi dzulo. Ndinaona. Koma anthu anali atandizungulira, ndiye ndinangotsuka n'kukhala chete."

Kaboua anamuyang'ana nthawi yaitali, manja akufinyabe.

"Sunthani pang'ono," anatero. "Mukunditchinga chifuwa chake."