Tsiku Limene Ndinateteza Mdzodzo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinatsutsana ndi atate koyamba, ndipo nkhani yake inali ya nyerere.

Kumunda kwathu ku Zemba, pansi pa chitsa cha mtengo wa mpasa, kunali dzenje la mdzodzo, nyerere zikuluzikulu zakuda zija zimene zimalira ngati zikunong'ona ukazisokoneza. Tsiku lina tikupalira chimanga, atate anaponda mzere wake osauona. Unawaluma kuphazi mpaka anataya khasu. Phazilo linatupa moti nsapato yakutchalitchi sinalowe Lamulungu limenelo. Lolemba analawirira kumweta udzu wouma, nati dzenjelo aliotcha.

Ine mdzodzowo ndinkaudziwa. Amayi akandituma kukaingitsa mbuzi kumunda, ndinkautsatira mpaka kumene ukupita. Choncho nditaona atate akuunjika udzu pachitsa, ndinathamanga n'kukaima pakati pa iwo ndi dzenjelo.

"Atate, musaotche. Izi ndi zimene zikutiphera chiswe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, machesi ali m'manja. Anandiuza kuti mwana wamkazi saimira atate ake kutsogolo chotero, ndipo ndichokepo. Pomwepo nyerere imodzi inakwera pachidendene panga n'kundibaya. Ululu wake unali ngati landigwera khala lamoto, unayenda mpaka m'bondo. Ndinadziwa kuti ndikangolira, machesi ayaka. Ndinaluma mlomo, misozi ikulengeza, ndipo ndinawapempha kuti angodikira mzere utuluke, aone okha.

Kaya anamva chisoni kaya anangofuna kunditsutsa, anakhala pamzere wa chimanga n'kudikira. Dzuwa litakwera pang'ono, mdzodzo unatuluka. Tinautsatira chapatali mpaka kumapesi amene chiswe chinali chitawamata dothi. Unagumula dothilo n'kulowa. Atate ananjuta pafupi. Anaona nyerere ikugwira chiswe ndi mano, n'kupinda thupi, n'kuchibaya ndi mbola yakumbuyo. Chiswe chija chinangoti lefu, osagwedezanso mwendo. Posakhalitsa mzere wonse unabwerera, nyerere iliyonse itanyamula chiswe kukamwa.

"Kani sikuluma ndi mano," anatero atate motsitsa mawu. "Ili ndi mankhwala kumchira."

Udzu uja anaunyamula okha n'kukafolerera khola la nkhuku. Madzulo ndi pamene anaona mwendo wanga wotupa. Sanandikalipire, ananyowetsa nsalu m'madzi ozizira a mumtsuko n'kundimanga okha.

Pokolola, chimanga cha mbali ya chitsa chinali chiimirire, pamene cha kumunsi chambiri chinagwa, chitadyedwa kumizu. Atate anauza anzawo pabwalo la tchalitchi kuti zimenezi anawaphunzitsa ndi mwana wawo. Ndinali pomwepo, ndipo tsikulo ndinabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi.

Nditafika kusekondale kuboma ku Chadiza, ndinaphunzira kuti ululu wa nyerere si umodzi. Zina zilibe mbola, zimangothira asidi wowawasa pothamangitsa adani. Zina, monga mdzodzo, zimabaya madzi okhala ndi mapuloteni amene amagwira mitsempha: kanyama kakang'ono kamafooka, munthu amamva moto. Madzi omwewo ndiwo mkondo wosakira chakudya, ndiwonso mpanda wotetezera mazira awo.

Lero ndine mayi wa ana, ndimalima ndekha, ndipo ndikamva kulira kwa mzere wa mdzodzo m'udzu ndimalumpha n'kuupatsa njira. Ndazindikira kuti chinthu chikakupweteka, ndi bwino kuyamba waona chimene chimachita ukakhala kuti sunachiponde.