Mizere Yokhota ya Bambo a Tsabola

Bambo a Tsabola ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo. Mageti ambiri a mumsewu mwawo ndi a manja awo, ndipo ngati lanu limalira potsegula, dziwani kuti munakapangitsa kwina pofuna zotchipa. Ndi munthu wamfupi, wosayankhulayankhula, wa zala zonenepa zodzaza ndi zipsera za moto. Tsabola ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi. Dzina la kusukulu ali nalo, koma la Tsabolali anamupatsa ndi pakamwa pake pomwe.

Banja litatha, khoti linagamula kuti mwanayo ndi wa onse awiri: sabata ino kwa bambo, sabata yamawa kwa mayi, ndipo pasapezeke wosamuka naye mumzindamo mnzake asanavomere. Ankasinthana Lamlungu masana pakhonde la bambowo. Ndiye Loweruka lililonse la sabata yawo munthu wamkuluyo ankakhala pampando, mwana pansi pakati pa miyendo, chipeso m'manja, thukuta lili kamukamu, kuti mwana asapite kwa mayi ake ngati wamasiye. Koma abale, kuluka kwake! Mizere inkayamba bwinobwino pamphumi, ikafika pakati n'kusochera, wina n'kukathera kukhutu. Munthu woongola chitsulo ndi diso lokha, tsitsi la mwana linkamuchititsa manyazi.

Mayi a Tsabola akafika, moni ankabwera pambuyo. "Kodi mutu wa mwana wangawu mwauyesa geti?" Ankakhala pomwepo pakhonde, n'kumukokera mwanayo pafupi, kumasula zonse n'kuyambiranso, uku akung'ung'udza. Tsabola ankatsinzina, tsaya atalitsamiritsa pabondo la mayi ake, ndipo pakamwa paja pankakhala phee. Bambowo ankaima pachitseko ngati akukonza loko. Kunena zoona, nthawi yolukayo ndi yokhayo imene atatuwo anakhalapo malo amodzi popanda wokweza mawu.

Kenako mayi aja anayamba kudumphitsa. Lamlungu lina akuti mvula, lina maliro, lina foni ingoitana osayankhidwa. Mapeto ake nambala ija inasiya kupezeka, ndipo kunyumba kumene ankachita lendi kunalowa anthu ena. Zinadutsa zaka ziwiri. Koma Loweruka Tsabola ankabwerabe ndi chipeso, Lamlungu n'kukhala pakhonde ndi kachikwama kake kobiriwira mpaka dzuwa kupendeka. Akamuuza kuti alowe, ankati, "Ababa, musandilamule kwambiri. Sabata ino si yanu, mwangondibwereka."

M'zaka zimenezo zala zija zinaphunzira. Mayi wina wa pasaluni anawamvera chisoni bambowo, n'kuwapatsa mutu wakale wa chidole umene atsikana ake ankaphunzirirapo. Nthawi yopuma kuntchito, anzawo akucheza panja, iwo ankakhala kuseri kwa mulu wa mafelemu a mawindo, mutu wa chidole ataupana ndi mawondo. Anzawo ankafa nazo kuseka. "Achimwene, mukamaliza apo mudzandiluke ndevuzi!" Iwo n'kumangoluka. Mizere inaongoka, mpaka amayi a kusukulu anayamba kumufunsa Tsabola kuti amalukitsa kusaluni iti.

Tsiku lina bwana anawasonkhanitsa onse n'kunena kuti kampani ikusamukira kumzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Wofuna ntchito atsatire, wosafuna atsale ndi manja ake. Pa msinkhu wawowo bambo a Tsabola ankadziwa kuti palibe angawalembe kwina. Anapita kukhoti, ndipo kalaliki anawauza mosazungulira kuti ayambe afunafuna mayi a mwanayo, avomere ndi kusaina, akasowadi ndiye abwerenso kwa woweruza.

Anthu oyandikana nawo ankawaona ngati opepera. "Ingonyamukani inu. Munthu anasowa yekha, adzakufunsani ndani?"

"Nanga akadzabwera Lamlungu lina n'kupeza pakhonde palibe munthu," iwo anatero, "mwana ndidzamuuza kuti chiyani?"

Amene anaulula anali mlamu wawo, mkulu wake wa mayi a Tsabola, atatopa ndi kuwapeza pakhomo pake tsiku ndi tsiku. Anati mng'ono wakeyo ali mumzinda momwemo, kutsidya kwa njanji, amagulitsa mapoto ndi mbale m'sitolo ya mwamuna wake watsopano. Bambowo zinawapweteka kuposa akanamva kuti anapita kunja. Zaka ziwiri zonsezo, mtunda wake unali wa basi imodzi.

Ndipo apa ndi pamene munthuyu anali wodabwitsa. Akupita kukapempha chilolezo, mumtima ankapemphera kuti akakanidwe. Ankafuna mayiyo akalipe, amenye tebulo, anene kuti mwana wanga sapita kulikonse. Ntchito ikanatha, inde, koma Tsabola akanamva ndi makutu ake kuti pali munthu amene sakufuna kumutaya.

M'mawa wa tsiku lopitalo mwana anabwera ndi chipeso n'kukhala pamalo pake.

"Ababa, lero mundiluke ngati kale."

"Ngati kale bwanji?"

"Mokhotakhota muja. Mukaluka bwino, amayi akamasula chiyani?"

Bambowo anamuyang'ana pamutu, chipeso chili m'mwamba. Kenako anayamba. Inali ntchito yovuta kuposa kuphunzira kuja, chifukwa zala zinkakana, zinkangothamangira koongoka, iwo n'kumazibweza. Mzere umodzi anaupititsa kukhutu, wina anausiya wolendewera. Tsabola anadziyang'ana pagalasi n'kugwedeza mutu. "Eya, zanyansa bwino." Anatenga kachikwama kobiriwira kaja, chipeso n'kuponya momwemo.

Sitoloyo inali yopapatiza, mapoto osanjikizana mpaka kudenga, mabeseni apulasitiki atapachikidwa pakhomo. Mayi a Tsabola anali kuseri kwa kauntala, atanenepako, khanda lovala kachipewa koluka lili m'manja. Atawaona anaimirira msanga mpaka zivundikiro zinagwa pansi.

"Iii, Tsabola! Wakula chonchi?"

Mwana wolongolola uja anangoyandikira kauntala, n'kuweramitsa mutu pang'ono ngati akuyang'ana makapu a m'galasi, kuti mizere ija ioneke bwino.

Bambowo anafotokoza zonse, mochedwa dala. Anatchula kutalika kwa ulendo, anabwerezanso. Ananena kuti kumeneko sadziwako munthu, kuti mwina chaka chizitha mwana osabwera kuno. Ankangowapatsa mayiwo pogwira kuti akane.

Mayiwo anamvetsera maso ali pansi. Misozi inalengeza, zimenezo tisawanamizire. Anayang'ana kuchitseko chakumbuyo, kumene kunkamveka mwamuna akuyankhula pafoni, n'kutsitsa mawu.

"Bambo a Tsabola, inuyo mumamusamala bwino. Kuno zinthu n'zovuta, simungamvetse. Ndisaine pati?"

Sanafunse dzina la sukulu, sanafunse kuti anyamuka liti. Atabweza cholembera, dzanja lawo linanyamuka kulunjika kumutu kwa Tsabola. Nthawi yomweyo khanda lija linalira, dzanja lija n'kubwerera kukakonza kachipewa kamene kanatsetserekera kumaso. Kenako kunalowa kasitomala wofuna ketulo.

Potsanzikana anamupatsa Tsabola kapu yamaluwa, yatsopano, ataikulunga m'nyuzipepala. "Uzikamwera tiyi, wamva? Uzikamvera abambo ako." Mwana analandira ndi manja awiri, monga anaphunzitsidwira.

M'basi pobwerera bambowo chilolezo chinali m'thumba la malaya, ntchito yapulumuka, koma anali asanamvepo chisoni chotere chibadwire, ngakhale tsiku limene banja linatha. Ankayang'ana pawindo kuti mwana asawaone kumaso. Atacheuka anapeza Tsabola wayamba kumasula yekha tsitsi lija, mzere umodziumodzi, ndi tizala take, osalira.

Atafika kunyumba anadutsa pakati pa makatoni omangamanga, n'kukhuthula kachikwama kobiriwira kaja pabedi: diresi, mswachi, nsapato zimene zinamuthina kalekale. Zonse anaziika m'katoni imodzi ndi malaya a bambo ake. Kenako anatulutsa mpando pakhonde, n'kukhala pansi patsogolo pake, tsitsi lili nyankhalala.

"Ababa," anaitana, atakweza chipeso m'mwamba osacheuka. "Bwerani. Mundiluke bwino tsopano, zoti zikhalitse."