Tsiku limene mtsinje wa Thames unabwerera m'mbuyo

Ndikamafotokoza zimenezi ena amati ndikukokomeza, koma Mulungu ndiye mboni yanga, palibe chimene ndapekapo. Zinachitika chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, tikukhala ku Thamesmead, ine, amuna anga ndi kamwana kathu kakakazi kamene kanali katangoyamba kumene sukulu. Kumudzi tinachokako mothawa ndale, ndipo m'bale yekhayo amene tinali naye kuno anali alamu anga, akulu awo a amuna anga, munthu wansangala koma wa liuma ngati mwala.

Alamuwo anakulira m'mbali mwa Shire, choncho za madzi sankafuna kuuzidwa ndi munthu. Anagula boti lakale kwa mzungu wina wa ku Barking, la mtundu uja wopanda chopalasira kunja, limene limayamwa madzi kunsi ndi pampu n'kuwalavula kumbuyo mwamphamvu, ndiye kuyenda kwake kumeneko. Injini yake inali yochotsa m'galimoto, pampu yochokera m'boti lina, ukwati wokakamiza weniweni. Ine ndinadandaula, pajatu pakamwa panga sipakhala chete, koma alamu anangoseka n'kunena kuti mlamu wawo ndine wamantha ngati nkhuku. Anati tilowera kumtunda kwa mtsinje monga ankachitira kwathu, kuti injini ikafa, madzi omwewo atibweze pamene tinakwerera. Kunena zoona, zinandimvekera zanzeru. Mtsinje suja umatsetsereka mbali imodzi basi?

Linali Loweruka masana titachoka. Poyamba botilo linkathamanga mpaka mwana kumakuwa ndi chimwemwe, ine nditagwira diresi lake kumsana. Titapita patali ndithu, injini inayamba kulira mokweza ngati nkhumba yogwidwa mwendo, koma boti osasuntha. Alamu anawonjezera moto, phokoso linakula, utsi tolo, koma kumbuyo kunkangotuluka thovu. Anazimitsa n'kunena kuti pampu yameza chipepala cha pulasitiki, ndipo poti inali yodyeka kale mkati, kanthu kakang'ono kankakwanira kuifooketsa. Anati tisade nkhawa, madzi atitengera kwathu.

Abale anga, ndinayang'ana m'mbali mwa mtsinje n'kuona nyumba zikuyenda molakwika. Madzi sankatibweza kwathu ayi, ankatikankhira kutsogolo komwe tinkalowera, mwaliwiro lake. Ndinafunsa amuna anga ngati mutu wanga unali bwino, iwo anati nawonso akuona zomwezo. Ifetu sitinkadziwa kuti nyanja yamchere ikadzaza imakankha mtsinjewo kuti ubwerere kumtunda. Tinkauona tsiku ndi tsiku pawindo, matope akuonekera n'kubisikanso, koma ndani wa ife anaganizapo zofunsa?

Kutsogolo kwathu kunali zimaboti zikuluzikulu zachitsulo zonyamula zinyalala, zomangidwa pakati pa mtsinje, zopanda munthu. Madzi ankalowa kunsi kwa chimphuno cha chimodzi mwa izo akuwira, atatenga matabwa ndi zinyalala, ndipo chilichonse chimene chinkafikapo sichinkaonekanso. Ife tinkalunjika pomwepo. Ndinakuwira alamu kuti akhotetse, iwo anapotokola chiwongolero uku ndi uku, osathandiza, pakuti boti la mtundu umenewu limakhota pokhapokha pampu ikulavula madzi. Nkhafi munalibe. Analizanso injini, inabangula ndi mphamvu zake zonse zopanda ntchito zija, kenaka n'kuzima yokha.

Tinagunda chammbali, boti linapendekeka, madzi ozizira n'kuyamba kulowa. Amuna anga anagwira tayala limene linkalendewera pa unyolo m'mbali mwa chiboti chachitsulocho, anakwera pamwamba pake, n'kundikoka ine ndisanaganize n'komwe, ndipo apa ndi pamene diresi la mwana linandipulumuka m'manja. Ndinakuwa ngati wamisala. Pansipo mwana ankandiitana m'Chizungu, madzi atamufika m'chiuno, ndipo tayala lija linali pafupi ndi dzanja la alamu, akanatha kuligwira. Iwo anawerama n'kunyamula mwanayo, anamukweza pamwamba pa mutu wawo, n'kuuza mng'ono wawo mofatsa, ngati akumupatsira mbale, kuti alandire mwana msanga manja awo atopa. Amuna anga anamugwira mkono. Pamene tinkayang'ananso pansi, panalibe boti, panalibe alamu, madzi okhaokha akuwira.

Apolisi apamadzi anadzatitsitsa pachitsulopo. Thupi linapezeka patapita masiku, kutali ndi pamalopo. Kumudzi sitikanatha kulitumiza, ngakhale kuimba foni kunena za maliro tinkaopa kuti abale angavutike chifukwa cha dzina lathu, choncho tinawaika konkuno, m'dothi lozizira la eni ake, anthu ake ochepa oti n'kukwana m'basi imodzi. Mayi awo anamva mwana wawo ataikidwa kalekale.

Kwa zaka zambiri ndinkawakwiyira alamu, ndipo pena ndimakwiyabe, chifukwa liuma lawo ndi limene linatikweza m'botimo. Koma mkwiyo umenewo ndiupititse kuti, poti mwana amene anamukweza m'mwamba uja lero ali ndi ana akeake? Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti nzeru za kwanu zimathera pamalire a kwanu, ndipo chitsulo chakale chikamalira mokweza sindiye kuti chili ndi moyo. Inu amene mwabwera kumene m'dziko muno, musachite manyazi kufunsa eni ake za madzi awo, ndipo munthu akakuitanirani m'boti lolumikiza zidutswa, kanani ngakhale akusekeni. Ife tinaopa kusekedwa, ndipo mwana wanga anakula akuyika maluwa pamanda a munthu amene nkhope yake saikumbuka.