Chisomo sanamve kununkha kwa pulagi

Mwachoma bwanji banja.

Chisomo wanga, uja osebenza mu ndeke, wabwela lelo kuno ku Estates. Malaiti pobwela, pulagi ya ketulo yayamba kupsa. Ine namva kununkha nili panja, nathamanga kukazimya. Mulungu ni wabwino, nyumba yapulumuka.

Koma Chisomo enze nkhale pafupi na pulagi yamene, aseka pa foni. Sanamve kalikonse!

Nati, "Iwe mwana, mphuno yako?"

Ati, "Amayi, chidwalile Korona siimva. Osauza munthu, banganilese kuuluka."

Manje waya ikayamba kupsa kumwamba kuja, na bana ba bene mukati, azaziba bwanji?

Pa Chisanu azaonana na dokota wa ku nchito. Ba Malume bake, nimukakamize akambe zoona? Chisomo ananilesa kukuuzani, koma mantha yanipambana. Tipempheleleni.